Za mkaka zinatheka, nanga za tomato zikukanikiranji?

Kalembera wa mu 2018 anapeza anthu 800,264 mumzinda wa Blantyre, ndipo lero achuluka kuposa pamenepo. Ambiri mwa anthuwa sakhala ku Namiwawa kapena ku Nyambadwe ayi. Ali ku Ndirande, ku Bangwe, ku Chilomoni, ku Zingwangwa, ku Machinjiri ndi madera ena otere, kumene banja limagula ndiwo za tsiku lomwelo basi: mulu wa tomato, anyezi awiri, kamtolo ka mpiru kapena chayinizi, ndi mafuta oyezera m'chubu. Mawa kukacha, mayi abwereranso kubenchi komweko. Palibe msika wodalirika kuposa umenewu, chifukwa supuma Lamlungu, supuma dzinja, ndipo ngongole yake sichedwa.

Ndiwo zonsezi sizichokera m'minda ikuluikulu. Zimachokera m'madimba a ku Bvumbwe ndi madera ena a Thyolo, ku Chiradzulu, ku Lunzu, ku Mpemba, ku Chileka, ngakhalenso kutali monga ku Lizulu ndi ku Tsangano m'boma la Ntcheu. Ku Chiradzulu anthu ndi othithikana, ndipo ku Thyolo minda ya tiyi inatenga nthaka yabwino kalekale m'nthawi ya atsamunda, moti mlimi wa kumeneko ndi wa madengu awiri kapena atatu pa sabata. Nkhani yagona apa: madengu awiri a uyu ndi atatu a uyo angakumane bwanji kuti akhale katundu wodzaza galimoto, amene wogula mopikula angamudalire sabata ndi sabata?

Dengu loyenda lokha

Amene anafikapo pamsika wa Limbe kusanache amadziwa mmene kumakhalira. Malole ndi mapikapu amatsitsa katundu kukadali mdima. Amayi a geni a ku Bangwe, ku Kachere ndi ku Machinjiri amakhala atafika kale kudzaoda, pakuti ayenera kukayala malonda anthu asanayambe kufuna ndiwo za nkhomaliro. Kumsika waukulu wa Blantyre n'chimodzimodzi kwa a ku Chilomoni, ku Mbayani ndi ku Zingwangwa.

Pakati pa chipwirikiti chimenechi pamapezeka mlimi amene wabwera yekha. Walipira ulendo wake, walipira dengu lililonse palokha, walipira mnyamata womutsitsira, ndipo wa khonsolo akumudikira ndi chiphaso cha pamsika. Mtengo wa tsikulo wauphunzira atafika kale. Choopsa koposa n'chakuti sangabwerere ndi katundu kumudzi, ndipo ooda onse akudziwa zimenezo. Dzuwa likamakwera, tomato amayamba kufewa, mtengo nawo n'kumatsika. Ikamakwana 10 koloko sakuwerengeranso za feteleza, mankhwala ndi miyezi imene wakhala akunyamula ndowa zothirira. Akungofuna ya minibasi yobwererera.

Nyengo nayo imamulanga. Mvula ikangotha aliyense amafesa, ndiye miyezi ya chilimwe tomato ndi kabichi zimafika pamsika nthawi imodzi, mpaka zina kutayidwa kudzala. Dzinja likafika, matenda amagwira mbewu m'munda, misewu ya m'midzi imaterera, katundu n'kusowa. Mayi wa ku Ndirande amayamba kugula tomato mmodzimmodzi. Amene analira mu Ogasiti ndi mlimi, amene akulira mu Febuluwale ndi wogula, koma vuto lawo ndi limodzi: palibe amene anapangana ndi mnzake za kubzala.

Chonsecho mumzinda momwemu muli ogula akuluakulu. Kuli mahotela ndi malo odyera, sukulu zogonera komweko, zipatala, masitolo monga Chipiku ndi Sana, ndi mafakitale monga Universal Industries amene amafuna mbatata ya kachewere yopangira makirisipi. Ogula otere safuna zambiri, koma zimene amafunazo mlimi mmodzi sangazikwanitse. Amafuna katundu wochuluka mofanana sabata iliyonse, wosankhidwa bwino, wofika pa tsiku limene anagwirizana. Amafuna invoisi, akaunti ya kubanki ndi nambala ya msonkho ya ku MRA. Ndipo ambiri salipira pompo. Amati mubwere pakatha milungu ingapo.

Venda tisamunyoze msanga

Pamisonkhano ya alimi, venda ndiye amatchulidwa ngati mdani. Zifukwa zilipo. Sikelo zina zimaba, chidebe chogulira chimakhala chotupa kusiyana ndi chogulitsira, ndipo mitengo yoyambira imene Unduna wa Zaulimi umalengeza chaka ndi chaka kumidzi siitsatidwa kawirikawiri. Bungwe la Malawi Bureau of Standards lili ndi udindo woyeza sikelo, koma silingaime pansi pa mtengo uliwonse pamene pakugulidwa nandolo.

Komabe tinene zoona: ntchito yosonkhanitsa katundu wa alimi ang'onoang'ono ikuchitika kale, ndipo amene akuichita ndi vendayo. Ndiye amalowa m'misewu yokumbika, amatola thumba apa, chidebe apo, mpaka lole kudzaza. Katundu akaola panjira, watayika ndi mpamba wake. Koposa zonse, amalipira ndalama m'manja, nthawi yomweyo. Mlimi amene mwana wake wabwezedwa kusukulu chifukwa cha fizi, kapena ali ndi matenda pakhomo, sangadikire cheke cha mwezi wamawa. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Gulu lililonse la alimi limene likufuna kutenga malo a venda liyenera kuyamba layankha nkhani ya ndalama ya lero, apo ayi mamembala ake omwe adzakhala akugulitsa kuseri usiku.

Kale ntchito yosonkhanitsayi inali m'manja mwa boma. ADMARC inakhazikitsidwa mu 1971 kulowa m'malo mwa Farmers Marketing Board, likulu lake lili ku Limbe, ndipo inali ndi misika mpaka kumidzi yakutali. Mu 1987 boma linalola anthu wamba kuyamba kugula mbewu, mphamvu za ADMARC n'kumachepa pang'onopang'ono, mpaka mu 2022 inatsekedwa kwa kanthawi antchito ake n'kuchotsedwa kuti ikonzedwenso. Koma ngakhale m'masiku ake abwino, misika yake inali ya mbewu zouma: chimanga, mtedza, nyemba, mpunga, thonje. Wolima masamba wakhala akudzionera yekha kuyambira kale.

Phunziro la m'khola

Chodabwitsa n'chakuti m'midzi yomweyi imene tomato amaolera m'madengu, muli katundu wina wosachedwa kuwonongeka kuposa tomato, koma amene alimi anapeza njira yomugulitsira pamodzi. Ndi mkaka.

Mlimi wa ng'ombe za mkaka ku Thyolo kapena ku Chiradzulu nthawi zambiri amakhala ndi ng'ombe imodzi kapena ziwiri, zokhalira m'khola, zodya nsenjere ndi madeya. Palibe fakitale imene ingatumize galimoto kukatenga malita ochepa a munthu mmodzi. Choncho alimi anapanga magulu, gulu lililonse n'kukhala ndi malo ake osonkhanitsira mkaka okhala ndi thanki yoziziritsira, monga a ku Bvumbwe, ku Goliati ndi ku Mpemba. Maguluwa ali pansi pa bungwe la Shire Highlands Milk Producers Association, limene linayamba mu 1985, ndipo gawo lalikulu la mkaka wolowa m'mafakitale a dziko lino limachokera kwa alimi a chigawo chimenechi. Makampani monga Lilongwe Dairy ndi Suncrest Creameries amatumiza magalimoto awo kukatenga mkaka wa anthu mazanamazana pamalo amodzi.

Mmene zimayendera pamalopo ndi pamene pali phunziro. Mlimi akafika ndi chigubu chake panjinga kapena pamutu, mkaka sungothiridwa m'thanki. Umayamba wayezedwa ngati wathiridwa madzi, n'kuyezedwanso ngati wayamba kusasa. Ukalephera, amabwerera nawo, kaya ndi mkazi wa amfumu kaya ndi tcheyamani wa gulu, chifukwa chigubu chimodzi choipa chingawononge thanki yonse. Ukapambana, kalaliki amalemba malita m'kaundula wa gulu ndi m'kabuku ka mlimi. Pakutha pa mwezi kampani imalipira gulu, gulu n'kuchotsa zoyendetsera malowo ndi ngongole za mlimi, zotsala n'kumupatsa. Ambiri analandira ng'ombe yawo yoyamba pangongole, ndipo anabweza popereka mwana wa ng'ombe wamkazi kwa mnzawo amene anali pamndandanda.

Sikuti zonse ndi zokoma. Alimi a mkaka akhala akudandaula kuti mtengo umene makampani amapereka ndi wotsika poyerekeza ndi mtengo wa paketi m'sitolo, ndiponso kuti malipiro nthawi zina amachedwa. Magetsi akazima nthawi yaitali, thanki imatentha, mkaka wa mudzi wonse n'kusasa. Namondwe wa Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya pafupifupi mamegawati 130 kwa nthawi yoposa chaka, ndipo aliyense wodalira firiji analawa mkwapulo wake. Koma njirayi yakhalapo zaka makumi angapo, yapirira kusintha kwa maboma ndi kugulitsidwa kwa makampani a boma. Ilipo mpaka lero.

N'chifukwa chiyani? Ndikuona zinthu zitatu zogwirana. Wogula amadziwika ng'ombe isanakamidwe. Muyezo ndi umodzi kwa aliyense, ndipo umachitikira poyera. Ndiponso ng'ombe imatulutsa tsiku lililonse, moti mlimi amatha kupirira mpaka kutha kwa mwezi podziwa kuti ndalama ikubwera ndithu, ndipo wa golosale amamukongoza shuga ndi sopo chifukwa nayenso akudziwa tsiku la malipiro. Wa tomato amakolola milungu yowerengeka pa chaka. Akaphonya pamenepo, waphonya zonse. Ndiye gulu lake liyenera kulipira msanga kuposa la mkaka, pamene nthawi zambiri ndi limene limakhala lopanda mpamba n'komwe.

Si ife tokha tinadutsa njira imeneyi. Ku India, alimi a mkaka a ku Anand m'chigawo cha Gujarat anapanga kopaletivi yawo mu 1946 atatopa ndi amalonda owadyera masuku pamutu, ndipo ndiyo inabala Amul, dzina lalikulu la mkaka m'dzikolo. Maziko ake anali omwewa: kuyeza mkaka mlimi akuona, ndi kumulipira mosachedwa.

Mbewu zouma, magulu ndi thandizo

Pa mbewu zosungika zinthu zinapita patsogoloko. Bungwe la NASFAM, limene linayamba mu 1997, linamanga ntchito yake pa makalabu a alimi 10 mpaka 15, makalabuwo n'kupanga mabungwe akuluakulu ogulitsa pamodzi. Ku Mulanje kuli Zikometso wa tsabola, ku Mchinji mtedza, ku Karonga mpunga wa Kilombero umene tikuupeza m'masitolo a mu Blantyre. Msika wa ACE unabweretsa njira yakuti mlimi asungitse mbewu m'nkhokwe yodalirika, alandire chikalata, n'kudikira mtengo wabwino. Ku Chikwawa, alimi a kopaletivi ya Phata anafika pophatikiza minda yawo yeniyeni kuti alime nzimbe zogulitsa kufakitale ya Illovo ku Nchalo.

Koma nandolo anatiphunzitsa kuti kusonkhanitsa pakokha si mankhwala a zonse. Alimi a ku Chiradzulu, Thyolo, Mulanje, Phalombe, Mwanza ndi Neno anakuza minda ya nandolo mitengo itakwera mu 2015 ndi 2016, ndipo makampani a ku Blantyre ndi ku Limbe ankagula kuti atumize ku India. Mu Ogasiti 2017 dziko la India linaika malire pa nandolo wolowa kuchokera kunja. Mtengo kuno unagwa mpaka pansi, matumba n'kumafumbwa m'nyumba za anthu. Mu 2021 maiko awiriwa anagwirizana zakuti Malawi azitumiza matani 50,000 pa chaka kwa zaka zisanu, koma bala linali litapweteka kale. Amene amadalira wogula mmodzi wa kutsidya la nyanja, tsogolo lake limalembedwa muofesi imene sadzaiona. N'chifukwa chake msika wa pafupi, wa anthu odya tsiku ndi tsiku, suyenera kupeputsidwa.

Kuyambira mu 2018 boma, ndi ndalama zokwana madola 95 miliyoni za World Bank, lakhala likuyendetsa ntchito ya AGCOM, imene gawo lake lachiwiri linavomerezedwa mu 2023. Lamulo lake lalikulu ndi lanzeru: gulu la alimi lisanalandire thandizo liyenera kuonetsa kuti lili ndi wogula amene lagwirizana naye. Thandizolo limalipira magawo 70 pa 100 aliwonse a zimene gulu likufuna, monga nyumba yosungiramo katundu, makina kapena galimoto, ndipo alimi amasonkha magawo 30 otsalawo, 10 mwa iwo ikhale ndalama yeniyeni. Apa ndi pamene alimi a madengu awiri amagwera, chifukwa kusonkha ndalama yotere ndi phiri. Ndiponso nyumba ndi galimoto sizigula katundu. Gulu likhoza kukhala ndi nyumba yokongola ya malata koma yopanda kanthu mkati, chifukwa tsiku lokolola linalibe ndalama yolipira mamembala, venda n'kutenga zonse.

Palinso nthenda ina imene aliyense amene anakhalapo m'kalabu amaidziwa. Komiti ikangoyamba kukumana yokha, msungichuma osawerenga lipoti pamaso pa anthu, gulu layamba kufa. Lamulo la makopaletivi la mu 1998 limafuna kuti mabuku aziunikidwa ndiponso kuti pazikhala msonkhano wa mamembala onse chaka chilichonse, koma lamulo la papepala silisunga ndalama ngati eni ake sakufunsa.

Mu Malichi 2025 boma linaletsa kuitanitsa kunja zinthu zingapo zimene timalima tokha, kuphatikizapo mbatata ya kachewere, anyezi, adyo, mkaka, ndi masamba ndi zipatso zopezeka kuno. Dziko la Tanzania linakwiya n'kutseka malonda a zaulimi ndi Malawi kwa masiku angapo mu Epulo, mpaka mbali ziwirizi zitakambirana. Chiletso cha boma lathucho chinasonyeza chinthu chimodzi poyera: sitolo imene inkadalira lole yochokera ku Johannesburg ikauzidwa kuti igule kuno, imafunsa kuti ndigule kwa yani? Mashelefu sadzaza ndi chilengezo cha nduna. Nthochi n'chitsanzo chowawa, pakuti matenda a chisaka atapha nthochi za ku Thyolo ndi ku Mulanje, misika yathu inayamba kudalira za ku Tanzania ndi ku Mozambique.

Wogula wamkulu ali ku Ndirande

Magulu ambiri a alimi akamalota msika amalota sitolo yaikulu kapena hotela. Ine ndikuona kuti akuyang'ana kutali pamene wogula woyenera ali pafupi. Tangoganizani anyamata onse a chiwaya a mu Ndirande ndi matumba a mbatata amene amakazinga pa sabata. Onjezani amayi a mabenchi a ku Bangwe, malesitilanti a ku Zingwangwa, sukulu za mkaka ndi za pulaiveti za ku Machinjiri ndi ku Chilomoni. Mmodzimmodzi ndi ang'onoang'ono, koma onse pamodzi amagula kuposa sitolo iliyonse ya ku Chichiri. Safuna invoisi, sadikiritsa munthu mwezi, ndipo amatenga tomato wamkulu ndi wamng'ono yemwe, aliyense pamtengo wake.

Vuto lawo ndi lofanana ndi la mlimi: aliyense amayenda yekha. Mayi aliyense amadzuka usiku, kukwera minibasi, kulipira katundu wake payekha, n'kugula kwa munthu wachitatu kapena wachinayi kuchokera kudimba. Chikhalirecho amayi omwewa ali m'mabanki mkhonde ndi m'zipereganyo, kumene amasungitsana ndalama sabata ndi sabata, amalemba m'kaundula ndi kulipiritsana chindapusa wina akachedwa. Kukhulupirirana kumene makopaletivi ambiri amakusowa, iwo ali nako kale. Chotsala n'chakuti gulu lotere la ooda ligwirane dzanja ndi kalabu ya alimi ya ku Bvumbwe kapena ku Chiradzulu: Lolemba ndi Lachinayi madengu akutiakuti, galimoto imodzi, ndalama itumizidwe pa Airtel Money kapena TNM Mpamba katundu akangotsitsidwa.

Nkhanga zinapangana kusanapse. Mgwirizano wotere uyenera kumangidwa mbewu ikadali panazale, osati galimoto itaima kale. Alimi agawane milungu yofesera kuti asakolole onse pamodzi, ndipo ena alimbe mtima kulima tomato wa dzinja podziwa kuti womugula alipo. Dengu likhale la muyezo umodzi, kapena agwiritse ntchito makireti amene saphwanya katundu wa pansi. Katundu asankhidwe kumudzi anthu akuona, ndipo dengu lililonse lidziwike mwini wake kuti woika zowola pansi n'kuphimba ndi zabwino pamwamba aonekere. Mtengo ukakwera mwadzidzidzi alimi asathawe, ukatsika ooda asathawe. Agwirizane malire ake pasadakhale. Venda wodziwa misewu ndi misika asathamangitsidwe, koma alembedwe ntchito yonyamula ndi kupeza ogula pamalipiro odziwika. Alangizi a zaulimi, amene nthawi zambiri amathera pa kaphunzitsidwe ka kabzalidwe, angathandize kwambiri pokumanitsa mbali ziwirizi.

Khonsolo ya mzinda wa Blantyre ili ndi gawo lake, ndipo ndi lalikulu. Kuyambira pa Operation Dongosolo yochotsa mavenda m'misewu mu 2006, nkhani ya khonsolo ndi amalonda yakhala ya kuthamangitsana m'misewu. Koma katundu wodyetsa mzinda wonse akutsitsidwabe pansi, m'fumbi ndi m'matope, pambali pa misika imene inamangidwira ogulitsa miyulu. Amalawi amene anagwirapo ntchito ku Johannesburg amaudziwa msika wa ku City Deep, umene mwini wake ndi mzindawo: kuli mashedi, zipinda zozizira, ogulitsa m'malo mwa alimi pa komishoni yodziwika, ndipo mitengo ya tsiku imalengezedwa. Ife sitikupempha zazikulu choncho. Tikupempha shedi ya simenti pansi, mpopi wa madzi, chimbudzi, nyali, sikelo yoyezedwa ndi boma, ndi bolodi lolembapo mitengo ya dzulo, ku Limbe, ku Ndirande ndi ku Bangwe. Ndalama ya chiphaso imatoleredwa tsiku lililonse kwa anthu omwewa, ndipo ali ndi ufulu wofunsa kumene imapita.

Kwa mabungwe ndi mabanki amene amathandiza alimi, pempho ndi lakuti musanamange nyumba ina yosungiramo katundu, patsani gulu mpamba wogulira zokolola za mamembala ake tsiku lomwelo, ndipo muziunika mabuku ake mwezi ndi mwezi. Inu a m'banki mkhonde ku Ndirande, ku Bangwe, ku Chilomoni, ku Zingwangwa ndi ku Machinjiri amene mumaoda ndiwo, pamsonkhano wanu wotsatira werengani madengu amene nonse mumagula pa sabata, kenako tumani awiri akakumane ndi kalabu ya alimi nyengo yofesa isanafike.